ULALO UMAYAMBA KUDWALA PA KHUNGU

Caka ciri conse mvula ikafika pa cimake m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi mumamveka mbiri ya maulalo oduka ndi makalavati okokoloka. Anthu pofotokoza amati madzi anatenga ulalo usiku umodzi, ndipo mlandu wonse amaupatsa mvula, imene siingathe kudziyankhira. Koma m'dziko la Mfumu Kawaza, ca kum'mwera kwa boma la Katete, muli mkulu wina amene mau amenewa sawabvomera. Iwo anagwira nchito ya miseu kuyambira ali mnyamata wosenza fosholo kufikira anapuma ali kapitao, ndipo amati pa moyo wao wonse sanaonepo ulalo umene unagwa usanayambe wadwala. Madzi amangotsiriza nchito, monga mphepo imagwetsa mtengo umene ciswe cinaudya kale.

Nkhani ya maulalo njaikulu kwa anthu a maboma atatu amenewa. Mseu wa Great East Road umapyola pa Sinda ndi pa Katete, ndipo pa Katete pamapatuka mseu wina wa makilomita ngati 55 wopita ku Chanida, ku malire a Mozambique, umene magalimoto akulu opita ku Tete ndi ku doko la Beira amadzera. Koma anthu ambiri sakhala m'mbali mwa tara. Midzi yao iri kutali, ku mapeto a miseu ya fumbi imene imaoloka timitsinje tambiri, touma m'cilimwe koma taukali m'dzinja. Mai woyembekezera amene matenda amubvuta usiku ayenera kuoloka timitsinje timeneti asanafike ku cipatala ca St Francis ku Katete kapena ca Nyanje ku Sinda. Feteleza amaolokera pomwepo polowa m'midzi, ndipo thonje, nshawa, soya, mpendadzuwa ndi cimanga zimaolokera pomwepo potuluka. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, Sinda atapatulidwa ku Katete ndi Petauke, Vubwi atapatulidwa ku Chadiza. Maofesi anasendera pafupi ndi anthu, koma munthu wa kwa Mfumu Pembamoyo amene ulalo wamdukira ali kutali ndi boma lake monga analiri kale.

KOPE LA MKULU WA MISEU

Pafupi ndi mudzi wa mkuluyu pali ulalo waung'ono wa konkire, wa mipata iwiri ndi mzati umodzi pakati, umene unamangidwa iwo akali pa nchito. Palibe anawatuma kuusamala, ndipo palibe amawalipira. Koma kawiri pa caka, mu Okutobala mvula isanagwe ndi mu Meyi madzi ataphwa, amapita kumeneko atanyamula nyundo yaing'ono, cingwe comangirira mwala ku mapeto, kacitini ka penti, pensulo ndi kope la ana a sukulu. M'kopemo tsamba liri lonse liri ndi tsiku lake, ndipo pansi pa tsikulo pali zimene maso ao anaona ndi zimene makutu ao anamva. Anyamata ena a m'mudzimo poyamba anali kuseka, namanena kuti agogo alephera kuiwala nchito ya boma. Iwo sanali kuwayankha, podziwa kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Amayambira pamwamba, pamene anthu amaponda, ndipo coyamba cimene amafuna ndi malo amene madzi amaima. Ulalo womangidwa bwino umakhala ndi timabowo kapena timapaipi m'mbali mwake totulutsira madzi a mvula, ndipo pamwamba pake pamakhala potsetsereka pang'ono kuti madziwo athamangire ku timabowoto. Koma mcenga wobwera ndi matayala a ngolo ndi a magalimoto, ndowe, makoko a nzimbe ndi mapulasitiki zimatseka timabowo timeneti, udzu numera pomwepo. Zikatero madzi amagona pa ulalo masiku ambiri, nalowa pang'onopang'ono m'kati mwa konkire. Kadzenje kocepa kamene wa njinga amakalambalala lero kamasunga madzi, ndipo galimoto iri yonse ikagweramo imamenya ulalo monga nyundo, kotero kuti kadzenjeko kamakula ndi ulendo uli wonse.

Amayang'ananso pamene mseu umakomana ndi ulalo. Dothi la mseu limatitimira pamene konkire satitimira, motero pamakhala citunda cimene woyendetsa amacimva m'msana. Citundaco cikamakula caka ndi caka, ndiye kuti dothi la kuseri kwa khoma la ulalo liri kuthawa ndi madzi. Maulalo ambiri a kumidzi amadukira pamenepa: ulalo weniweni umatsala ciriri pakati pa mtsinje, mseu wa mbali zonse ziwiri utapita. Pa maulalo atali palinso mpata umene omanga amausiya dala pakati pa zigawo zake, cifukwa konkire ndi citsulo zimafutukuka ndi kutentha kwa Okutobala ndi kukhwinyata ndi kuzizira kwa Juni. Mpatawo ukadzala miyala, ulalo umasowa pofutukukira ndipo umayamba kudzibenthula wokha m'mphepete.

MDANI WOBISALA M'KATI

Atatha pamwamba amatsikira kunsi, kumene anthu ambiri amene aoloka ulalowo zaka zonsezi sanasuzumireko. Kuti munthu amvetse cimene iwo amafuna kumeneko, ayenera kudziwa mmene ulalo wa konkire umapangidwira. Konkire, amene ali cisakanizo ca simenti, mcenga, miyala ndi madzi, ngwolimba kwambiri pomupsinja koma ngwofooka pomukoka. Ncifukwa cake omanga amaika zitsulo m'kati mwake, makamaka ca kunsi kwa silabu, ndiye cimwala cathyathyathya cimene magalimoto amapondapo, pakuti kunsiko ndi kumene kumakokeka katundu akamapita pamwamba. Zitsulo zimasenza kukokako, ndipo konkire amazifunda kuti madzi ndi mpweya zisazifike. Cofunda cimeneci ncopyapyala, kawirikawiri mamilimita 40 kapena 50, ndiko kunena ngati zala ziwiri kapena zitatu. Moyo wa ulalo wonse wagona pa khungu limeneli.

Simenti watsopano ali ndi mphamvu yake ya cibadwa yoletsa dzimbiri. Koma pakupita kwa zaka mpweya umalowa m'konkire kucokera kunja nufooketsa mphamvuyo, ndipo pamene pali mng'alu, kapena pamene omanga sanatsendere bwino, madzi amafika msanga pa citsulo. Citsulo cikacita dzimbiri cimatupa, pakuti dzimbiri limatenga malo aakulu kawiri kapena kangapo kuposa citsulo cimene ladya. Kutupako kumakankha konkire kucokera m'kati. Poyamba pamaoneka mzere wofiirira wotsika pa khoma monga misozi. Pambuyo pake mng'alu woongoka wotsata citsulo. Potsiriza cibenthu cimagwa, citsulo nicikhala pa mtetete, mvula ndi mame nkumacidya momasuka. Citsulo cimene cinali conenepa ngati cala cacikulu cimaonda, pamene katundu amene ciyenera kusenza sacepa ai. Palinso zoyera zonga mcere kapena laimu zimene zimamera kunsi kwa silabu. Zimenezo ndi umboni wakuti madzi ali kupyola m'kati mwa konkire kucokera pamwamba, natsuka simenti m'njira.

Nthenda zina maso saziona, pakuti akale anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Apa ndi pamene nyundo imagwira nchito. Mkuluyu amagogoda pang'onopang'ono makoma onse ndi kunsi kwa silabu, monga mai amagogoda mbiya pa msika asanaigule. Konkire wamoyo amalira mau akuthwa. Konkire amene walekana kale ndi citsulo m'kati amalira phu phu, ngati mbiya yong'aluka, ngakhale kunja kukali kosalala. Malo otero amawazunguliza ndi penti, nayesa kukula kwake ndi zikhatho, nalemba. Mainjiniya ophunzira a maiko onse amacita cimodzimodzi. Ngakhale ali ndi makina oyesera kulimba kwa konkire ndi opezera zitsulo zobisika, nyundo saisiya ku ofesi.

MNG'ALU WOIMA NDI MNG'ALU WOYENDA

Kupeza mng'alu nkosabvuta, cifukwa pafupifupi ulalo uli wonse wa konkire uli ndi ming'alu. Ina imabadwa pamodzi ndi ulalo, konkire akamauma, ndipo imakhala momwemo zaka makumi ambiri osabvuta munthu. Akatswiri kawirikawiri amayamba kuda nkhawa mng'alu ukapitirira mamilimita 0.3, kumene kuli ngati kucindikala kwa mapepala atatu a m'kope, cifukwa pamenepo madzi amalowa mosabvuta. Koma funso loposa onse ndi lakuti: kodi mng'aluwo waima kapena uli kuyenda? Funso limeneli munthu woyang'ana kamodzi kokha sangaliyankhe, ngakhale akhale wophunzira cotani.

Amai a m'midzi amadziwa kale nzeru imeneyi kucokera ku sikelo ya ana. Namwino akaika mwana pa sikelo tsiku limodzi, nambala imene apeza siinena zambiri, pakuti mwana angakhale wocepa thupi mwa cibadwa koma ali bwino. Cimene cimanena zoona ndi mzere wa pa khadi, umene umalumikiza mwezi uno ndi miyezi yapitayo. Mzere ukamakwera mtima wa mai umakhala pansi; ukayamba kutsika namwino amadziwa kuti pali kanthu, ngakhale mwanayo akali kusewera. Kope la mkuluyu ndilo khadi la sikelo la ulalo. Pa mapeto a mng'alu uli wonse amadula kamzere ka penti nalemba mwezi ndi caka pambali pake. Akadzabweranso napeza kuti mng'alu wapitirira kamzereko, amadziwa kuti ngwamoyo. Kutseguka kwake amakuyesa ndi zimene ali nazo: pepala, lumo, kamtengo ka macesi, pensulo ndi cala.

Umo ndi mmene anagwirira mng'alu wa pa khoma lina la ulalo wa kwao. M'tsamba loyamba analemba kuti mng'aluwo unali kulola lumo lokha. Zaka ziwiri unaima, ndipo iwo sanauze munthu ali yense. Caka cacitatu, madzi ataphwa, kamtengo ka macesi kanalowa. Caka cotsatira pensulo inalowa ca pamwamba pamene ca pansi panali pakali popapatiza, ndipo mng'alu wotero, wotseguka kumwamba ndi wopapatiza kunsi, unawauza kuti khomalo layamba kupendama cifukwa pansi pake pacoka dothi. Mlendo wofika tsiku limenelo akadaona mng'alu cabe wonga ming'alu yonse, koma kope linali kuonetsa ulendo wake wa zaka zinai.

PANSI PA MADZI

Cingwe ca mwala cija ncoyesera nthenda imeneyi. Akatswiri amabvomerezana kuti cimene cimagwetsa maulalo ambiri a pa mitsinje ndi madzi okumba pansi pa maziko. Madzi othamanga akagunda mzati amazungulira, nafukula mcenga ndi dothi monga nkhuku imafukula pa dzala. Cobvuta ncakuti madzi akamaphwa amakwiriranso dzenjelo ndi mcenga wofewa, kotero kuti woyang'ana m'cilimwe amaona ngati zonse ziri bwino. Mkuluyu amaima pa malo amodzimodzi, olembedwa ndi penti m'mphepete mwa ulalo, natsitsa mwala kufikira ugunde pansi, namanga mfundo pa cingwe. Amabayanso mcenga ndi ndodo yacitsulo kuti amve pamene pali polimba. Mfundo za zaka zinai zinaonetsa kuti pansi pa mtsinje panali kutsika, ndipo mutu wa maziko, umene omanga anaukwirira, unayamba kuoneka.

Cifukwa cake sicinali kutali. Nyumba za njerwa zoocha zaculuka m'midzi ndi pa misika, ndipo mcenga wasanduka malonda. Anyamata a ngolo anali kukumba mcenga ca kumunsi kwa ulalo penipeni, cifukwa ndi pamene mseu uli pafupi, ndipo mmodzi wa iwo anali muphwa wa mkuluyu, mwana wa mlongo wao. Dzenje lokumbidwa kumunsi kwa ulalo silikhala pamodzi. Madzi amalikokera ca kumtunda caka ndi caka kufikira lifike pa maziko. Atamuitana mnyamatayo, iye anayankha mwaulemu koma mosabisa, nati: "Amalume, mcenga umabwera wokha ndi madzi caka ciri conse. Nanga ana anga adye ciani?" Iwo anati: "Muphwa wanga, mcenga sindikuletsa ai, ndikuletsa malo. Ngolo yako yomweyo idzaolokera pati?" Nkhaniyo inafika kwa anyakwawa, ndipo anagwirizana kuti okumba asunthire kutali ca kumunsi. Ena anamvera, ena anayamba kubwera usiku.

Palinso zizolowezi zina zimene zimafupikitsa moyo wa ulalo. Madimba olimidwa kufikira m'mphepete penipeni mwa mtsinje amagumula magombe. Mitengo ikatha m'mapiri kaamba ka makala, madzi a mvula amene kale anali kutsika pang'onopang'ono amafika pa ulalo nthawi imodzi, atasenza zitsa ndi nthambi zimene zimatseka mipata. Moto wa osaka mbewa ukayaka kunsi kwa ulalo umabenthula konkire, ndipo ulalo wa mitengo umaupsereza. Ena amamasula mabauti ndi zitsulo za m'mbali kukapangira ngolo ndi makasu. Pamwamba pa zonsezi, madzi akulu sadzaleka kubwera. Mu Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anadula ulalo wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, kwa anansi a ku Mozambique. Ngati madzi otero angathe kudula ulalo wa pa mseu waukulu, nanga kaulalo ka kumudzi kamene maziko ake ali kale pa mtunda kadzapirira bwanji?

MAULALO AKULU NAO NCIMODZIMODZI

Nzeru ya m'kope la mkuluyu ndi yomweyo imene imasunga maulalo akulu a dziko. Pafupifupi katundu yense wocokera ku Lusaka kubwera ku Cigawo ca Kum'mawa amaolokera pa ulalo umodzi, wa pa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968. Ulalowo ngwolenjekeka pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanja ziwiri, ndipo mpata wake wa pakati ndi mamita 222. Utagwira nchito zaka ngati 30 unafunika kukonzedwa ndi kulimbitsidwa kwambiri, nchito imene inacitika m'zaka za m'ma 1990, ndipo inatheka cifukwa zofooka zake zinapezeka ulalo ukali ciimire. M'zaka za m'ma 2010 mseu wa makilomita ngati 360, kucokera pa Luangwa kupyola Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata kufikira ku Mwami, unamangidwanso ndi thandizo la European Union ndi mabanki a citukuko. Mseu wosalala umaitana magalimoto ambiri ndi olemera, ndipo maulalo ake, ngakhale aoneke olimba lero, anayamba kukalamba tsiku lomwe anatsegulidwa.

Maiko ena anaphunzira phunziro ili ndi maliro. Pa 15 Disembala 1967 ulalo wochedwa Silver Bridge, pa mtsinje wa Ohio ku America, unagwa nthawi ya madzulo magalimoto atadzaza, ndipo anthu 46 anafa. Ofufuza anapeza kuti ciyambi cake cinali kamng'alu ka mamilimita ngati 2.5 m'citsulo cimodzi cokha, pa malo obisika. Kaamba ka ngozi imeneyo, mu 1971 dzikolo linaika malamulo akuti maulalo a m'miseu yake ikuluikulu aziyenderedwa ndi akatswiri pa zaka ziwiri ziri zonse, ndi kuti zopezeka zizilembedwa ndi kusungidwa. Pa 14 Ogasiti 2018 ulalo wa Morandi mu mzinda wa Genoa ku Italy unagwa nupha anthu 43, ndipo dzimbiri la zitsulo zobisika m'konkire linachulidwa kwambiri pa kufufuza kwake. Cuma ca dziko siciteteza ulalo umene nthenda yake yacedwa kucizidwa.

Muno m'Zambia udindo wa miseu ndi maulalo a boma uli m'manja mwa Road Development Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la miseu la 2002, ndipo makhonsolo amayang'anira miseu ing'onoing'ono ya m'maboma ao. Kuyambira mu 2015 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza mainjiniya a RDA kuphunzira kayenderedwe ndi kasamalidwe ka maulalo, ndipo panalembedwa mabuku owatsogolera pa nchitoyo. Boma linagulanso ku America maulalo acitsulo a Acrow opitirira 100, ocita kulumikiza zigawozigawo, oti aikidwe m'miseu ya kumidzi m'zigawo zingapo, kuphatikizapo Cigawo ca Kum'mawa. Ulalo wacitsulo khungu lake ndi penti kapena zinki wokutira citsuloco, ndipo pamene pakalika kapena pamene matope amagona ndi pamene dzimbiri limayambira. Koma mainjiniya ngocepa, maulalo ndi makalavati ngoculuka, ndipo injiniya wokhala ku Chipata sangadziwe zimene zacitika usiku wathawu pa kamtsinje ka ku Vubwi. Maso oyamba a ulalo ndi anthu amene amauoloka tsiku ndi tsiku.

Katundu naye ali ndi mbali yake. Lamulo sililola galimoto yaikulu kupitirira matani 56 pamodzi ndi katundu wake popanda cilolezo capadera, ndipo imeneyi ndiyo nchito ya masikelo a pa mseu. Mayeso amene anacitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960 anaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu kumawirikiza ngati ka 16. Ku miseu ya kumidzi kulibe sikelo. Nthawi ya misika, lole yodzaza matumba a cimanga kapena mabelo a thonje kufikira kumwamba imaoloka kaulalo kamene kanamangidwira ngolo ndi magalimoto ang'ono. Mkuluyu amati ulalo umene uli ndi mng'alu woyenda uyenera kupeputsidwa katundu, monga ng'ombe yotsimphina siimangidwa pa goli.

KOPE LIPITA KU BOMA

Pensulo italowa m'mng'alu uja, mkuluyu anatenga kope napita nalo kwa anyakwawa, ndipo pamodzi anakaonana ndi akhansala ndi a komiti ya citukuko ya m'wadi. Mau akuti ulalo waonongeka ofesi iri yonse imawamva tsiku ndi tsiku, motero iwo anapita ndi masiku, miyeso ndi cingwe ca mfundo zinai. Yankho silinabwere msanga. Dzinja lina lathunthu linapita, ndipo usiku uli wonse wa mvula yaikulu iwo anali kugona khutu liri ku mtsinje. Koma pamene akatswiri anafika m'cilimwe cotsatira, anakhala pansi nawerenga kopelo tsamba ndi tsamba, cifukwa linawauza cimene makina ao sakadawauza pa tsiku limodzi, ndico liwiro la nthendayo. Pansi pa khoma panathiridwa konkire, ndipo m'mbali mwake munaikidwa miyala yomangidwa m'maukonde a waya. Malo olira phu phu a kunsi kwa silabu akali kudikira ndalama.

Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zochedwa CDF, zinakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse, ndipo zinakweranso m'zaka zotsatira. Koma zofuna za anthu nzambiri: zipinda za sukulu, madesiki, zitsime ndi zipatala zazing'ono. Pa msonkhano wosankha nchito, kukonza ulalo umene ukali ciimire sikukoma m'makutu monga kumanga cinthu catsopano, pakuti pa kutseka mng'alu sipakhala phwando kapena magule. Komatu kutseka mng'alu ndi kuteteza maziko kumadya ndalama zocepa kwambiri poyerekeza ndi kumanga ulalo wina, osawerengera miyezi imene midzi imakhala yodukidwa, odwala akunyamulidwa pa macila ndi zokolola zikugulidwa pa mtengo wolira cifukwa wogula alibe podzera.

Pali nchito zimene mudzi ungathe kucita wokha popanda kutulutsa ngwee: kusesa mcenga pa ulalo, kutsegula timabowo ta madzi, kucotsa zitsa ndi nthambi zokodwa pa mizati, kulambula udzu kuti moto usafike, ndi kuzula kacere ndi timitengo tina tomera m'ming'alu mizu yake isanakule ndi kutsegula khoma. Palinso zimene mudzi suyenera kucita. Kumata mng'alu woyenda ndi simenti kuti usaoneke kuli ngati kufunditsa cironda nsanza: cimapitirira kunyeka m'kati, ndipo injiniya akafika sapeza cimene akadaona. Ndiponso madzi akapita pamwamba pa ulalo munthu asaoloke, ngakhale aoneke osaya, cifukwa palibe angadziwe ngati mseu wa tsidya lija ukalipo pansi pa madziwo. Kucedwa pa gombe usiku umodzi nkwabwino kuposa kufunidwa ndi nsungwi m'mawa mwake.

Maso a mkuluyu ayamba kufooka tsopano, ndipo mawondo sawalolanso kutsika gombe. Mdzukulu wao wamkazi, mtsikana wa ku sekondale, ndiye amatsikira kunsi ndi nyundo, iwo atakhala pamwamba kumvetsera kulira kwake. Mtsikanayo amajambula mng'alu uli wonse ndi foni, ataimika kamtengo ka macesi pambali pake kuti kukula kwake kudziwike, koma agogo ake amaumirira kuti alembenso m'kope, cifukwa foni imafa ndi kutayika. Maulalo ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi alibe kope lotere, ndipo anthu amene amawaoloka sadziwa ngati ming'alu yake yaima kapena iri kuyenda. Koma mudzi uli wonse umene uli ndi ulalo uli ndi mfumu, uli ndi nyundo, ndipo uli ndi mwana wodziwa kulemba. Tsamba loyamba liyenera kulembedwa mvula ya Novembala isanagwe, kuti madzi akadzaphwa mu Meyi padzakhale coyerekezera.